Likhweru la Kambalame ka M'khwawa

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma za mbalame kafunseni aliyense kwathu ku Thyolo. Pa ulimbo panalibe wondiposa. Mlenje weniweni amayamba waphunzira kulira kwa mbalame, ndiyeno amapaka ulimbo pa kamtengo, n'kubisala, n'kuimba likhweru. Imabwera yokha poyesa ndi inzake.

Mwana wanga wamkazi, nesi, ananditengera ku London chifukwa cha mano. Anandizula asanu akutsogolo n'kundiika opanga. Ndinkakhala kwake ku Thamesmead. Tsiku lina alibe shifiti, anati tikaone nyumba yosungiramo nyama zakale.

Kumeneko ndinaona kambalame m'galasi, kagona chagada, miyendo yomanga ndi ulusi, m'maso muli thonje. Mwana anandiwerengera kapepala kake. Akuti kankakhala pa chilumba chimodzi chokha pakati pa nyanja yaikulu, ndipo makoswe otsika m'sitima anatha mtundu wonse. Kwatsala zikopa zouma ngati cha m'galasicho basi.

Ndinafunsa kuti kankalira bwanji. Mawu anga ndi aakulu, anthu anacheuka. Mwana anakafunsa mzungu wogwira ntchito pamenepo, iye n'kuti palibe akudziwa, amene anakawombera sanasunge nyimbo yake. Ndinawaseka poyera. Kupha mbalame osayamba wamva mawu ake, ulenje wanji umenewo?

Kuseka kunathera m'basi. Ndinakumbukira kambalame ka m'khwawa la kwathu, kofiira pachifuwa, kolira katatu n'kutsitsa mawu kumapeto. Ndinkatikola mpaka kudzaza thumba. Kenako mitengo ya m'khwawamo inapita ku makala, ndipo zaka zambiri sindinakamvenso. Mwina kwina kaliko, kaya. Anzanga amene tinkatchera nawo onse anagona. Wotsala nayo nyimboyo ndinali ine.

Titafika ndinamuuza mwana. Anaika foni patebulo.

"Imbani, ababa, ndijambule. Adzukulu anu adzaimve."

Ndinakweza chifuwa monga kale, n'kusongola milomo. Munatuluka mphepo ndi malovu. Ndinachotsa mano opangawo, ndinayesanso. Zinaipiratu. Likhweru lija linkadutsa pa mpata wa mano anga enieni, amene ndinawasiya m'kabeseni ka dokotala osawaganizira n'komwe.

Mwana anati tidzayesa mawa, n'kukateleka tiyi. Tinayesa mawa lake, ndi mkuja. Foniyo inasunga kupuma kwa nkhalamba.

M'mutu mwangamu kakulirabe bwinobwino, katatu, n'kutsitsa kumapeto. Wokamva ndine ndekha.