Bulangeti la Enala

Sandifolo ndamudziwa zaka makumi atatu ndi zisanu, kuyambira tikugwira ntchito limodzi kumgodi ku Lalapanzi. Zaka zonsezi sindinamuonepo akutuluka m'sitolo atanyamula kanthu. Koma Loweruka lililonse amavala jekete, n'kuyenda wapansi kuchoka ku Mtapa kupita m'tauni ya Gweru kukangoona zinthu. Amakhala pamipando yogulitsa, kuyesa zipewa, kutsekula mafiriji, n'kubwerera kunyumba nkhope ili ngwee ngati wadya nyama.

M'sitolo ina munali bulangeti lofiira, lochindikala. Mkazi wake Enala ali ndi chifuwa chosatha, ndipo aliyense amadziwa mmene Gweru imazizirira mu Juni. Sandifolo anamulonjeza kuti akadzangopuma pantchito adzamugulira bulangeti limenelo. Ankalitsitsa pashelefu, kulitambasula, kulisisita patsaya. Mtsikana wogulitsamo, amene ankamutcha sekuru, kutanthauza agogo, anatopa naye.

"Sekuru, lero mukugula, kapena mwabwera kudzalipatsa moni?"

"Mwanangu, chinthu chabwino sachithamangira."

Mu 2007 mgodi unatichotsa ntchito, n'kutipatsa ndalama zotsazikira. Ine tsiku lomwelo ndinagula ufa, mafuta ndi malata awiri, chifukwa ndalama nthawi imeneyo inkawola msanga kuposa tomato. Ndinakumana ndi Sandifolo pakhomo pa sitolo ija, thumba la jekete lili tutumu.

"Achimwene, lowani mugule lero. Mawa mtengo ukhala wina."

"Ndiyambe ndaona kwina. Mwina ku Kwekwe kuli lokongola kuposa ili."

Anakweradi basi kupita ku Kwekwe. Anabwerako akusimba za mabulangeti a maluwa ndi a mizeremizere, manja ali lende. Sabata inayo anazungulira Gweru yense. Sikuti ankafuna lotchipa ayi. Ankaopa kuti akagula sadzakhalanso ndi chifukwa cholowera m'masitolo. Mmene amaganiza zobwerera ku lofiira lija, ndalama zake zinali zongokwana buledi ndi sopo.

Pasanapite nthawi masitolo anauma, bulangeti lija linagulidwa ndi wina. Munthu wanzeru akanachita manyazi. Sandifolo amapitabe, n'kuima kutsogolo kwa shelefu yopanda kanthu, manja kumbuyo. Tsiku lina anthu atamuona ataima choncho anafola pambuyo pake, kuyesa kwabwera shuga. Iye anabwera kudzandiuza zimenezi akuseka. Ine sindinaseke.

Enala amafunda zitenje ziwiri ndi thumba la ufa lomwe anang'amba pakati. Dzulo m'mawa ndinapita kukamuona, ndinamupeza akutsokomola mpaka misozi. Sandifolo anali pakhomo, akupukuta nsapato.

"Bambo a Rufaro," anatero Enala, "ngati mukupita m'tauni, ndisiyireni jeketelo ndifunde."

"Ndingalowe bwanji m'sitolo wopanda jekete? Pirirani, mayi. Ndinanena kuti ndidzagula, ndipo ndidzagula."

Anavala jekete lija n'kutuluka. Bulangeti la Enala sanagulebe.