Mawu amene ndinanena m'chigafa

Amuna anga ali moyo, ine sindinkapemphera mokweza. Iwo anali mkulu wa mpingo kwathu kuno ku Nambuma, ndipo pemphero ankalidziwa poyambira ndi pothera. Akayamba, mawu ankatsatana bwinobwino ngati mizere ya m'munda. Yanga inali "Ameni" basi. Sukulu ndinalekera Sitandade 3, choncho ndinkaganiza kuti Mulungu amamvera anthu odziwa kuyala mawu ngati iwowo.

Anamwalira mu Febuluwale, fodya atayamba kupsa masamba a m'munsi. Maliro atatha abale anabalalika, ine n'kutsala ndi mwana wanga wamkazi wotsiriza, wa zaka zisanu ndi zinayi. Fodya sadikira wofedwa. Ndinkathyola ndekha, kusoka ndekha.

Tsiku lina masana ndinali m'chigafa chathu choyanikamo fodya. Kupachika pa mitengo ya pamwamba inali ntchito ya bambowo, ine ndinkangowapatsira. Ndinakwera pa mtondo kuti ndifikire. Mtondo unagubuduka, ndinagwa, fodya amene ndinasoka kuyambira m'mawa n'kugwera m'matope. Ndinakhala pomwepo, ndipo mawu anangotuluka okha.

"Inu Mulungu, mwandilakwira. Munthu wokutumikirani mwatenga, mwasiya ine wosadziwa kanthu. Munaganiza bwanji?"

Ndinagwira pakamwa. Ndinasuzumira panja, panalibe munthu. Koma amene ndinkamuopayo anali atamva kale.

Patapita masiku awiri mwana anatentha thupi. M'mawa mwake anayamba kukomoka, maso kutembenuka. Mlamu wanga anatikweza pa njinga, mwana ali kumsana kwanga, kuthamangira kuchipatala. Njira yonse mtima unkangonena kuti, ndiwe, wamupha ndi pakamwa pako.

Anesi atamuyeza magazi anati, "Ndi malungo awa, mayi. Khalani apa, musamusiye yekha."

Anamuika diripi. Ndinavomera ndi mutu, koma za malungozo sizinandilowe. Ine ndinkadziwa zimene ndinanena m'chigafa, ndipo sindinauze munthu, ngakhale mlamu.

Ndinagwada pambali pa bedi kuti ndipepese moyenera. Ndinayesa kukumbukira mawu a amuna anga. Ndinayamba kawiri, kawiri konse anandithera panjira. Dzanja la mwana linkatentha m'dzanja langa, milomo yake itauma. Ndinaona kuti ndikamafunafuna mawu abwino, apita ndisananene kanthu.

"Atate, ndine ndemwe uja," ndinatero chapansipansi. "Zija ndinanena mwazimva. Ndikati sindinkatanthauza, ndikunamizani, ndipo Inu mumaona mumtima. Zikundiwawabe. Koma mwanayu kunalibe kuja. Ngati mwakwiya, kwiyirani ine. Ndikuopa, Atate. Ndikukuopani Inu, koma kwina koti ndipite kulibe."

Ndinayankhula nthawi yaitali. Ndinawauza za fodya, za denga lodontha, za mmene ndimadzidzimukira ndikaona nsapato za malemu pakhomo. Mayi wa pa bedi loyandikana ankandiyang'ana, koma manyazi anali atandithera.

Dzuwa litapendeka mwana anatuluka thukuta, chitenje chonse kunyowa. Ndinkayesa ndi mapeto. Ndinakuwa kuitana anesi. Asanafike, mwana anatsegula maso.

"Amayi, mukuyankhula ndi ndani?"

"Ndi Mulungu, mwanawe."

"Ndili ndi ludzu," anatero.

Madzi ndinamumwetsa ndi supuni, theka likutayikira pakhosi pake. Tinagona kuchipatalako masiku anayi, lachisanu lake tinabwera kunyumba akuyenda yekha.