Gemu Imene Ndinainyoza Ndisanaione

Ndivomere, Yusufu ndinamunamiza. Kukokomeza nkhani ndi ntchito yanga, usipa ndimausandutsa kampango, koma bodza ili lokha likundiwawa.

Tili kusekondale tinkasewera gemu ina yakale pa kompyuta ya amalume ake ku Benga, ya msilikali woyenda ndi lupanga kusaka anzake omuthandiza nkhondo. Mmodzi mwa anzakewo anali wopalasa bwato wolongolola. Kiyibodi imodzi, anthu awiri, kulimbirana mpaka batani lina linazuka. Pano Yusufu ali ku Joni, ine ndili ku Chia kuno kuyanika mpunga wa amayi.

Mwezi watha anaimba: "Aise, gemu yathu ija aikonzanso, zithunzi zake ngati filimu. Ndigule?"

"Usayerekeze," ndinatero. "Ndaisewera kale. Aiwononga. Wopalasa bwato wolongolola uja amuchotsa, nyimbo zake ngati mbuzi yomangidwa."

Kuisewera kuti? Foni yangayi ikatsegula chithunzi chimodzi imatentha moti mutha kuwotcherapo chinangwa. Ndinkangoopa kuti akagula azisewera ndi anzake a kumeneko, ine n'kutsala ndekha ndi nkhani zakale.

Anangoti, "Ooh, chabwino." Masabata atatu, zii.

Dzulo watumiza chithunzi. Wagula ndithu. Wopalasa bwato uja alipo, ndevu zikuoneka imodziimodzi. Gemuyi imalola kutcha anthu ake mayina, ndiye Yusufu wamutcha dzina langa. Pansi pake walemba kuti: "Amanama ngati iwe. Ndikuyenda naye."

Ndalemba yankho kasanu n'kufufuta. Mpunga wauma, nkhuku ndathamangitsa zonse, koma sindinamuyankhebe.