Manja Khumi ndi Awiri a Mwana Wanga

Nditayamba ntchito ya unamwino ku Birmingham mu 1994, chimene chinkandisowetsa mtendere sichinali kuzizira ayi, koma kosiya mwana wanga wamkazi akaweruka kusukulu. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Bambo ake anali adakali ku Lilongwe kudikira mapepala, ndipo ine ndinkaweruka kuchipatala patapita maola atatu sukulu itatseka. Tinkakhala ku Handsworth, m'nyumba zija zogundizana zoti mnzako akatsokomola umamva.

Woyandikana nane anali mayi wachimwenye, wamkulu kwa ine, wokhala yekha. Tsiku lina ndikukalipira mwanayu pakhomo chifukwa chotaya magolovesi, ndinamva mawu kuseri kwa mpanda.

"Musam'kalipire, mayi. Onse amataya."

M'Chichewa! Chikwama chinatsala pang'ono kundipulumuka. Mayiwo anabadwira ku Limbe, pamwamba pa sitolo ya nsalu ya bambo awo, ndipo anabwera ku Mangalande ali mtsikana. Sabata isanathe anali atandiuza kuti mwanayo azibwera kwawo akaweruka, ndipo za malipiro anakaniratu.

Wina akanathokoza Mulungu n'kugona tulo. Ine ayi. Ndine munthu woti ukandipatsa chinthu chaulere ndimachitembenuza kuti ndione kunsi kwake. Komanso ndinakula ndikumva zimene tonse tinkamva, zoti masitolo ena sayenda ndi malonda okha, kuli zina kuseri. Sindinazionepo, koma mutu wa munthu susankha zosunga. Ndinavomera chifukwa ndinalibe kolowera, koma ndinavomera diso limodzi lili tcheru.

Ntchito yawo anandiuza poyera. Ankajambula makatuni. Iwo ndi anzawo atatu ankakonza kanema wamfupi wa nthano za chipembedzo chawo cha Chihindu, woti ana obadwira kuno adziwe za makolo awo. Ndinati chabwino, ngakhale mumtima ndinadabwa kuti munthu wa imvi angakhalire zidole tsiku lonse.

Mwezi usanathe mwana wanga anayamba kujambula anthu a buluu. Poyamba ankajambula nyumba, maluwa ndi ine nditavala yunifolomu. Tsopano pepala lililonse linali ndi munthu wa khungu la buluu, maso aataliatali ofika m'makutu, wina mikono inayi, wina mitu khumi yondandalika ngati maungu pamsika. Nditam'funsa, anandiyankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse, kuti munthuyo ndi wa buluu chifukwa ndi wamkulu ngati thambo. Anandiuzanso kuti buluu wake si wamba, antiwo amam'sakaniza m'botolo la jamu kuti asasinthe kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Anali atayamba kuwatcha anti. Zinandiwawa, ndisaname.

Kenako tsiku lina tikudya anati anti anamuyeza zala ndi ulusi.

Ndinasiya kutafuna. Kwathu munthu wamoyo sayezedwa ndi chingwe. Amayezedwa amene wapita, kuti okumba manda adziwe pothera. Ndinam'funsa kuti anamuyeza kangati, anati kambirimbiri, chala chilichonse, ndipo anam'jambulanso dzanja ndi kamera.

Lamlungu ndinauza mnzanga wina wa kutchalitchi, mayi wa ku Kasungu amene ankaphunzira za malamulo. Ndinkayembekezera kuti munthu wa sukulu ngati iye andiseka, mtima wanga n'kukhala pansi. Sanaseke.

"Sisi, inu ndi ma shift anuwo," anatero akundikokera pambali. "Mwana mukumusiya m'nyumba ya mafano, ndiye akumuyeza? Mukudikira chiyani, appointment? Kalowenimo muone nokha."

Lachitatu ndinanamizira mutu kuntchito, n'kukwera basi masana. Mayi aja ananditsegulira manja ali penti yekhayekha, akumwetulira. Anati mwana wapita kuseri kukataya madzi otsukira maburashi, ine ndikhale pansi andiphikire tiyi. Atangolowa kukhitchini ndinavula nsapato n'kukwera masitepe mwakachetechete, ine mayi wa mpingo, ngati wakuba nkhuku.

M'chipinda chakumbuyo munali tebulo la galasi lowala kuchokera pansi. Pamashelefu onse panali mapepala apulasitiki oonekera, aliyense ali ndi mabowo m'munsi ndi nambala pakona. Ndinanyamula loyamba. Panali milomo yokha, yopanda nkhope. Lachiwiri maso okha. Lina mkono wa buluu wodulidwa paphewa, lina thupi lopanda mutu. Kuchipatala ndinali nditaona zambiri osagwedezeka, koma apa ndinabweza mapepalawo pashelefu msangamsanga.

Pakhoma, pamwamba pa tebulolo, panali zithunzi za dzanja la mwana wanga, ndi timaulusi tofiira titamatidwa pambali pa chala chilichonse. Pansi pake, pamipiringidzo yoyanikira, panali mapepala khumi ndi awiri. Lililonse linali ndi kadzanja kamodzi, kodukira pamfundo. Loyamba kanali kofumbata, lotsatira katayamba kufumbatuka, mpaka lomaliza zala zonse zili tambasu. Dzanja la mwana wako sulisokoneza. Chala chachikulu chija chopindikira kumbuyo ndi cha kwathu.

Sindinaganize kawiri. Ndinawasonkhanitsa onse khumi ndi awiri, ndinawapinda n'kuwalowetsa m'jasi. Pansi ndinapeza tiyi ali patebulo. Ndinati ndathokoza koma tili ndi alendo, ndinagwira mwana padzanja n'kutuluka naye.

Kunyumba ndinam'tumiza kuchipinda kuti akasinthe zovala. Ine ndinatenga ndowa yachitsulo, ndinapita kuseri, ndinaponyamo mapepala aja ndi nyuzipepala n'kuyatsa machesi. Ndinapemphera mokweza ndithu, kudula chilichonse chimene chinamangidwa pa mwana wanga. Pulasitikiyo inakhwinyata, inadontha, ndipo inatulutsa utsi wakuda wonunkha umene unawoloka mpanda.

Chitseko chawo chakuseri chinatseguka. Mayi aja anaima pampanda, anayang'ana m'ndowamo, kenako anandiyang'ana ine. Fungolo ankalidziwa.

"Mayi, mwawotcha angati?"

"Onse," ndinatero mwaukali. "Mundiuze chimene mumafuna ndi manja a mwana wanga. Mumamuyeza ndi ulusi ngati maliro chifukwa chiyani?"

Sanakweze mawu. Anangoti, "Tabwerani."

Ndinawatsatira, ndikuganiza kuti tsopano ayamba kunamizira. M'chipinda muja anayatsa tebulo lija n'kuyala chithunzi cha thambo la m'mawa, dzuwa lili psuu pamwamba pa mapiri. Anatenga pepala la thupi lopanda mutu n'kulikoleka patimisomali tam'munsi mwa tebulo. Pamwamba pake anakoleka la mutu, kenako la maso, kenako la milomo. Mabowo aja ntchito yake inali imeneyo, kuti chilichonse chigwere pamalo pake. Zidutswa zimene zinandiopsa zinasanduka kamwana ka nyani, konenepa masaya, kakudumphira kumwamba.

Anandifotokozera kuti m'nthano yawo kamwanaka kanaona dzuwa n'kuliyesa chipatso chakupsa, ndiye kananyamuka kukalithyola. Thupi silisuntha, choncho amalijambula kamodzi. Chimene chimasuntha amachijambula pachokha, kambirimbiri, n'kumasintha pepala limodzilimodzi pansi pa kamera. Ndinayang'ana mkono wa kanyaniko. Unathera pamfundo, ndipo pakati pa mfundoyo ndi dzuwa panalibe kanthu.

"Manja a milungu ndimawatengera pamakalenda a m'masitolo mwathu," anatero. "Ndi okongola, koma ndi ouma, sanagwirepo kanthu. Apa ndimafuna dzanja la mwana weniweni wofuna chinthu. Tsiku lina ndinaona mwana wanu akunyanyamphira bisiketi pashelefu, ndinati ndi limeneli. Ulusi uja ndimayezera kuti zala zisatalike kapena kufupika pepala likasintha."

Ndinakakamirabe, poti munthu wopsa mtima sabwerera msanga. Ndinati akanandipempha kaye.

"Zoona, ndikanakupemphani. Pamenepo ndinalakwa. Koma mwanayo anandiletsa." Anatembenuza pepala lina kundionetsa kumbuyo kwake. Mizere imalembedwa kutsogolo, koma penti imapakidwa kumbuyo, mochindikala, kuti kutsogolo kuoneke kosalala. "Mizere ya manja aja ndinalemba ine. Penti anapaka yekha, onse khumi ndi awiri. Masabata asanu, osadumpha mzere. Ankafuna mudzaone pa tsiku loonetsa kanema, akuuzeni kuti ndi ntchito yake."

Ndinasowa poyang'ana. Iwo anazimitsa tebulo lija, nayamba kuchotsa mapepala limodzilimodzi.

"Ku Limbe ana ankathawa akaona bambo anga, ati amasunga anthu m'masaka," anatero osandiyang'ana. "Nditakumvani mukuyankhula Chichewa ndinasangalala. Ndinaiwala kuti zinazo mwabwera nazonso."

Ndinagwada pomwepo, pamatabwa othimbirira ndi penti, ndinapepesa ngati mwana. Anandidzutsa. Anati mwanayo azibwerabe, alibe mlandu, ndipo manjawo alembanso. Chimene sakanatha kundichitira ndicho kukamuuza.

Sindinafunikire kumuuza. Nditatuluka ndinamuona ali pazenera la chipinda chake, loyang'ana kuseri kumene ndowa ija inali kufukabe. Anali ataona zonse, pemphero ndi moto womwe. Ndinakwera, ndinakhala pabedi pake, ndinayesa kufotokoza za ulusi, za kwathu, za mantha a mayi amene ali yekha m'dziko la eni. Anandimvetsera mpaka kumapeto, osalira. Kenako anafunsa funso limodzi.

"Did you look at them first, Mum?"

Ankafuna kudziwa ngati ndinayamba ndawayang'ana. Ndinawayang'ana, inde, koma ndinkafunafuna ufiti, ndipo pentiyo sindinaione. Sindinam'namize.

Anapitirizabe kupita kwa mayi aja kwa zaka zina ziwiri, ndipo palibe choipa chinam'gwera kumeneko. Kanemayo anatuluka, tinakaonera muholo ina ya pafupi, ndipo kanyani kaja kanatambasula dzanja lopakidwa ndi munthu wina. Mwana wanga sanasiye kujambula. Ndikudziwa chifukwa aphunzitsi ake ankandiyamikira ndikapita kusukulu, ndipo ine ndinkangogwedeza mutu ngati ndazionapo. Kunyumba, ndikangogwira chitseko cha chipinda chake, ndinkamva pepala likulowa pansi pa pilo.