Tsiku Lomwe Amayi Anayanika Nyimbo

Ndikakumbukira Che Nyirenda, mphuno ndizo zimayamba kukumbuka: fungo la mtovu wosungunuka, utsi wa makala a pambaula pomwe ankawotchera kachitsulo kawo kolumikizira mawaya, ndi kafungo ka usipa wa amayi ukuuma pathandala, kuseri kwa mpanda wa bango umene unkalekanitsa nyumba yathu ndi yawo. Anali Mtumbuka wa ku Rumphi, wamtali, wowerama pang'ono, amene anabwera ku Mangochi kudzagwira ntchito m'boma ine ndisanabadwe. Atapuma ntchito sanabwerere kwawo. Ankakonza mawailesi pakhonde, ndipo "Che" ameneyo tinawapatsa ndife, poti kwathu kuno dzina la munthu wamkulu siliyenda lokha lopanda ulemu patsogolo.

Ine ndine wamantha chibadwire. Galu akauwa kutsidya kwa msewu, ndinkati akuuwa ine. Amayi akachedwa kumsika, ndinkakhala nditawaika kale m'manda mumtima mwanga, n'kuyamba kuganiza za amene adzatilere, poti bambo anali ku Joni. Ndiye tsiku loyamba kumva nyimbo ya Che Nyirenda, ndikukwecha poto kuseri, ndinatsala pang'ono kuthawira m'nyumba. Inayamba ndi chitoliro chokha, chapansipansi, ngati munthu akudziimbira. Kenaka kunabwera limba longa la kutchalitchi, ng'oma n'kulowerera, koma osati ng'oma zoti miyendo ingatsatire: ukati waigwira, yakhota, ukati ikuthamanga, yaima. Gitala analira ngati wapsa. Mwadzidzidzi zonse zinangoti zii, ndipo ndinamva kugunda kwa mtima wanga wokha.

"Iwe wakuseri kwa mpandawe, poto ameneyo abooka," anatero Che Nyirenda. "Ngati ukumvera, bwera udzamvere ngati munthu."

Ndinapita manja ali phulusa lokhalokha. Anandionetsa galamafoni yolumikizidwa ku batire ya galimoto, ndi chimbale chakuda, chachikulu ngati chivundikiro cha ndowa, chikuzungulira pansi pa singano. Pachikuto chake anajambulapo chitseko choima chokha pakati pa chipululu. Zimbale zotere anali nazo zodzaza bokosi.

"Eni ake amati pulogiresivu roko," anatero. "Choyambachi ndinachigulira chithunzi, ndili mnyamata, za m'kati osazidziwa. Mayi a kunyumba anandiseka sabata yathunthu. Pambuyo pake ndiwo ankandikumbutsa kukatchajitsa batire."

Mayi a kunyumbawo anali atamwalira kale, ndipo anagona kumanda a kumishoni. Tsiku lina mphwawo atabwera kudzawanyengerera kuti abwerere ku Rumphi, ndinawamva akuyankha kuti, "Manda aja ndi zimbale izi ndizo zandimanga kuno. Msewu wa kwathu zimbale sizingafike zamoyo. Zikadzatha, ndidzabwera." Mawu amenewo ndinawasunga pamalo pomwe ndinkasungira zonse zondiopsa.

Nyimbo yachitoliro ija inali imodzi yokha mbali yonse ya chimbale. Zapawailesi tinazizolowera: kolasi ikabwera kawiri, kachitatu nawe ukuimba. Iyi inalibe chobwerera. Poyamba inkanditopetsa mutu, kenaka ndinayamba kuidikirira. Ndinadziwa pomwe limba lilowere, pomwe woimba afuule Chingerezi chimene sindinkamvapo kanthu, pomwe ng'oma ipunthwe dala. Inkandichititsa mantha, inde, koma anali mantha oyamba m'moyo wanga amene ndinkawafuna ndekha.

Vuto linali loti Che Nyirenda anali ndi malamulo awiri. Loyamba, azana ikamveka kumzikiti, ankanyamula singano, ngakhale iwo anali Mkhristu. "Akuitana anzathu, tisawasokoneze," ankatero. Lachiwiri, nyimbo sankaiyambira pakati. Ndikawapempha kuti tipitirize pomwe tinalekeza dzulo, ankapukusa mutu.

"Iyi si matola, yoti n'kukwerera panjira. Umakwerera kudepoti."

Koma mpata wa mwana wamkazi ndi wotani? Wanga unali pakati pa kutsuka ziwiya ndi kupita kumadarasa. Tikangofika pamalo paja pomwe zonse zimati zii, mwina azana, mwina batire yafooka mawu n'kuyamba kukoka ngati woledzera, koma kawirikawiri anali amayi: "Asiyatu! Madzi adzitunga okha?" Miyezi inatha ndikudziwa chiyambi ngati dzina langa, mathero osawamvapo.

Amayi, amene anthu ankawatcha Abiti Jafali, nyimbozo sankazifuna. "Nyimbo yanji yosavinika, yosalirika?" ankatero. Koma Che Nyirenda ankawalemekeza, ndipo ndiwo zikapsa, kambale kankadutsa pampanda.

Chaka chimenecho ng'ala inakula m'diso la Che Nyirenda, ndipo anawatumiza ku Blantyre kuti akawachite opaleshoni. Kiyi anasiyira amayi. Ine anandiitanira pambali.

"Ndikabwera, ndidzakupemphera Loweruka lathunthu kwa amayi ako, tidzaimve mpaka kumapeto. Koma uzindiyang'anira zimbalezi. Madzi sizimawaopa kwenikweni. Mdani wake ndi dzuwa."

Anauza ine, osati amayi, poganiza kuti kuwauza amayi za zimbale n'kuwatopetsa chabe.

Chimvula chinabwera m'mawa wina tili m'kalasi. Chinali cha mphepo, chija chimabwera chogona, ndipo sichinakhalitse. Pofika nthawi yopuma, dzuwa la ku Mangochi linali litatuluka ngati likubwezera. Titaweruka ndinathamanga, ndipo ndisanafike ndinaona lata limodzi la nyumba ya Che Nyirenda litapindikira kumwamba.

Pabwalo panali ngati pamsika. Azimayi a m'dera lathu anali atachita zomwe munthu aliyense wabwino amachita mnzake akalowedwa madzi: anatulutsa zonse. Matiresi anali pampanda, mabuku atatsegulidwa pamkeka, majekete pachingwe. Pachingwe chomwecho panalendewera zikuto za zimbale, chitseko cha m'chipululu chija chikudontha. Ndipo pathandala, pomwe amayi anali atakankhira usipa wawo mbali imodzi kuti apereke malo abwino, zimbale zonse zinali ndandanda, zopukutidwa bwino, zikuwala. M'mphepete mwake zinali zitapindika ngati masamba a mpiru ofota.

Ndinakuwa. Amayi anatuluka chothamanga, akuyesa ndalumidwa ndi njoka.

"Amama, dzuwa! Anati zisaone dzuwa!"

"Nanga chonyowa amachiyanika pati?" anafunsa. Kenaka ananyamula chimodzi, chikutentha, n'kuchiyang'ana cham'mbali. Ndinaona nkhope yawo ikugwa. "Walahi, ine ndimati ndikuthandiza."

Masiku otsatira ndi amene ndimawakumbukira ndi thupi lonse. Amayi anafuna kuzisita ndi simbi ya makala, ndinawagwira mkono ndikulira. Tinazisanjika pakati pa matabwa, pamwamba n'kuikapo matumba a mpunga. M'mawa uliwonse ndinkasuzumira, ndipo m'mawa uliwonse zinali chimodzimodzi. Njinga iliyonse ikaima pamsewu, ndinkathamangira kumpanda kukasuzumira. M'mutu mwanga ndinali nditawaona kale Che Nyirenda akukweza katundu wawo pa lole ya ku Rumphi, khonde lija litatsala ndi phulusa la mbaula lokha. Ndinapempha amayi kuti tinene kuti ndi mvula yachita.

"Mvula inanyowetsa, sinayanike," anatero. "Dzanja loyanika ndi ili. Pakamwa ponena pakhalanso panga."

Che Nyirenda anafika masana ena pa njinga ya kabaza, diso limodzi litamatidwa thonje. Amayi sanadikire kuti alowe m'nyumba. Anagwada pakhonde, ine kumbuyo kwawo ndi bokosi, nafotokoza zonse mosakometsa. Che Nyirenda anakhala pampando wawo wachingwe, n'kutulutsa zimbale chimodzichimodzi, akuyendetsa chala m'mphepete. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

"Munazipukuta ndi chiyani?" anafunsa pomaliza.

"Ndi mpango wanga wa Lachisanu, Che Nyirenda. Unali wokhawo wofewa."

Anagwedeza mutu, nanyamula bokosi lija, nalowa, n'kutseka chitseko.

Kwa masiku angapo pakhonde sipanafuke utsi. Anthu obwera ndi mawailesi awo ankabwerera. Kambale ka ndiwo kankadutsa pampanda n'kubwerera katangolawidwa. Tsiku lina ndinawaona akupita ku positi ofesi, ndipo ndinadziwa kuti basi, akukauza mphwawo. Ndinalira kuseri kwa bafa, osati chifukwa cha nyimbo yokha. Bambo anga ndinkawadziwira pachithunzi. Munthu wamkulu amene anandiitanapo kuti ndikhale pansi ndimvere chinthu, popanda kundituma, anali mmodzi yekhayu.

Loweruka m'mawa ndinamva kununkhira kwa makala.

"Abiti Jafali!" anaitana. "Ndabwereka mwanayu lero. Inunso bwerani, mudzaone ntchito ya manja anu."

Amayi anabwera atafunda mpango mpaka pamphumi, nakhala pansi m'mphepete mwa khonde ngati woyembekezera mlandu. Che Nyirenda anaika chimbale chachitoliro chija. Chikuzungulira, m'mphepete mwake munkakwera n'kutsika. Singano itangotera, inadumpha, n'kukanda, n'kudumphanso. Chitoliro chinangolira kamodzi ngati mwanapiye wopondedwa. Amayi anabisa nkhope.

"Ndaziyesa zonse masiku amenewa," anatero Che Nyirenda. "Dzuwa ladya m'mphepete. Cha m'kati, pafupi ndi pakati, ndi chamoyo. Koma nyimbo imayambira m'mphepete."

"Ndiye ingoyambirani pomwe pali pabwinopo," anatero amayi ndi mawu ang'ono.

"Si matola," tinayankhira limodzi, ine ndi Che Nyirenda. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni, anaseka. Kenaka anatembenuzira kwa ine diso lawo lopenyalo.

"Chiyambi chili ndi iwe. Wachimva kangati? Tiyambire kudepoti."

Ndinafuna nthaka inditsegukire. Ine, woopa ngakhale kuyankha funso m'kalasi, ndiimbe nyimbo ya azungu pamaso pa amayi? Che Nyirenda anandikankhira ndowa yopanda kanthu. Ndinayamba chitoliro ndi mluzu wonjenjemera, n'kulakwitsa, n'kuyambiranso. Limba ndinaliimba ndi mphuno. Pofika pa ng'oma, manja anayamba okha pandowa, akukhota pomwe imakhota, akupunthwa pomwe imapunthwa, ndipo Che Nyirenda analowerera ndi mawu awo okhuthala m'malo mwa gitala wamkulu uja. Chingerezi ndinangochilumalumira. Ana anadzaza pampanda. Wina anaseka, amayi n'kumuyang'ana kamodzi, nasiya. Ndinapitirira mpaka pamalo paja pomwe zonse zimati zii, ndipo ndinaika manja pamwendo.

Mu zii ameneyo, Che Nyirenda anatsitsa singano.

Azana inali kutali, batire inali yodzaza, ndipo munthu yekhayo amene akanandiitanira madzi anali atakhala pambali panga. Limba linadzuka pang'onopang'ono, ng'oma zinabwera zambiri, zonse zinakwera mpaka ndinagwira mwendo wa mpando, ndikudikira kuti chinachake chiphulike. Sichinaphulike. Phokoso linayamba kupatuka, ndipo pansi pake panatuluka chitoliro chomwe chija, kanyimbo komwe ndinali nditangokaimba ndi mluzu wanga wonjenjemera, koma tsopano zida zonse zikukaperekeza modekha mpaka kanatha. Mathero amene ndinawasowera tulo miyezi yonse ija ndinali nawo m'kamwa kuyambira tsiku la poto.

Singano inatsala ikungokwecha pakati.

"Ndiye ulendo wonsewu," anatero amayi, "kunali kubwerera pakhomo pomwe anachokera?"

"Eya, Abiti."

"Akanangonena." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango uja. "Nanga ku Rumphi mupita liti?"

Funso limene ine ndinkaliopa, iwo anangolitula poyera. Che Nyirenda anayamba kubwezera chimbale m'chikuto chake chokwinyika.

"Ndamuuza mphwanga kuti asadikire. Zimbale zonsezi zilibe chiyambi tsopano, ndipo mwanayu akudziwa cha chimodzi chokha. Ntchito ilipo. Loweruka likubwerali mubwere ndi mpando wanu."

Anakhala nafe mpaka tsiku lomwe tinawaperekeza kumishoni, pafupi ndi mayi a kunyumba kwawo. Pofika nthawi imeneyo anali atandiphunzitsa ndi pakamwa ziyambi za nyimbo za m'bokosi lonse lija, zina mwina molakwika, sindikudziwa.

Lero nyimbo ija ndili nayo pafoni, yathunthu, yosalala, yopanda chokanda. Mantha sanandisiye, mwana akachedwa kusukulu ndimakhala nditafika kale kuchipatala m'maganizo. Zikatero ndimakhala pansi n'kuitsegula. Koma sindiyambira pomwe eni ake anayambira. Ndimayamba ndekha, ndi mluzu, manja patebulo, ana anga akutsinana kuti amayi ayambanso. Ndikafika pa zii paja, m'pamene ndimadina.