Kaminibasi ka a Dunstan

A Dunstan Kachingwe anabwera ku Nairobi kudzayendetsa galimoto ya bungwe lina, akuti zaka ziwiri basi. Zaka ziwiri zija zinabala mkazi wa mtundu wa Akamba a konko, ana atatu ndi nyumba ku Syokimau. Atapuma pantchito anagula kaminibasi kakutha, n'kuyamba kunyamula Amalawi asanu ndi awiri ochokera ku Syokimauko, ogwira ntchito ku Lang'ata ndi ku Karen mumzinda wa Nairobi.

Koma kagalimoto kaja, abale inu. Chitseko chinkatseguka ndi chibakera. Komabe m'katimo munali kumudzi. Munthu sankakhala pansi asanapereke moni kwa aliyense, mmodzimmodzi, ndipo wochedwa ankamudikira uku akumujeda. Mombasa Road ikadzaza, a m'maminibasi a konko, aja amati matatu, akutukwana, iwo amakhala ali pa nkhani ya mvula ya ku Dedza ndi za amene wakwatira mwana wa ndani. Kunyumba a Dunstan ankalankhula Chiswahili ndi Chingerezi, poti ana awo ankangodziwa "zikomo". Chichewa chawo chonse ankachikhuthulira pachiwongolero, ndipo ankasangalala.

Tsono Syokimau ili m'kaunti ina, kapena titi boma lina, Nairobi ndi kaunti inanso. Galimoto yonyamula anthu imakhoma msonkho uku, kukakhomanso uko. Chaka china misonkhoyo inawakulira, mafuta nawo osagona. Oyendetsa matatu anakweza mtengo osaphethira n'komwe. A Dunstan ayi. Kumuuza mlongo wako kuti awonjezere? Manyazi anawagwira. Ankangolipira, malisiti n'kumabisa pansi pa mpando.

Amene anawaona malisitiwo anali a Rose, namwino wogwira ntchito ku Lang'ata, tsiku lina akufunafuna ndolo yawo. Sanafunse kanthu. Anakauza anzawo, onse n'kugwirizana kuti akuwazunza bambo aja. Kuwawonjezera ndalama, anati, kukhala ngati kuwanena kuti asauka. Ndiye anayamba kuchoka mwaulemu. Uyu akuti andisinthira nthawi yolowera, uyo akuti sitima ikundifikitsa msanga.

A Dunstan ankangoti, "Palibe vuto, muziyenda bwino." Mumtima ankati anthu atopa ndi galimoto yakutha komanso nkhani za nkhalamba, ndipo zinkawapweteka kwambiri. Mipando itatsala yokhayokha, anakagulitsa kagalimoto kaja kwa munthu wonyamula kabichi ku Mlolongo.

Patapita miyezi inayi anakumana ndi a Rose pasiteshoni ya sitima ya ku Syokimau. Atapatsana moni, a Rose anaulula.

"Achimwene, tinaona malisiti aja. Tinati tikupepuzeniko katundu."



"Katundu, achemwali? Msonkho umenewo ine ndikanakhoma ngakhale kawiri. Panopa ndizilankhula ndi ndani?"

"Nanga osanena bwanji?"

"Nanga inuyo osafunsa bwanji?"

Sitima inafika, anthu n'kuyamba kukankhana pakhomo. A Rose anakwera misozi ili lengelenge, n'kuwasungira malo pambali pawo. Atasuzumira pawindo anaona a Dunstan ataima pomwepaja, chipewa chili m'manja. Analibe tikiti, analibenso kopita. Sabata imeneyo anali atayamba kumabwera pasiteshonipo m'mawa, kudzangoima, kuti mwina amve wina akulankhula chakwawo.