Nthunzi pa Ndalama ya Golide

M'nyumba mwathu tinali akazi awiri, ine ndi ndalama. Sindikunena ndalama zogulira mchere ayi, zimenezo zinkangotilonjera n'kudutsa. Ndikunena ndalama imodzi yachitsulo, ya golide, imene amuna anga ankaisunga m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati. Ine ndinkaitchula kuti mkazi wamng'ono, ndipo iwo sankaseka.

Anaipeza akugwira ntchito ya ukalaliki pachipata cha Mwanza, pamene malole amalembetsa katundu polowa ku Mozambiki. Tsidya linalo, ku Zobwe, kunali Mpwitikizi wina wa sitolo, nkhalamba yokonda kusonkhanitsa makobidi osowa. Apwitikizi anzake atayamba kulongedza kuti azibwerera kwawo, nkhalambayo inagulitsa zonse mothamanga, ndipo amuna anga anapereka njinga yawo ndi wailesi kuti atengeko imodzi yokha. Tsiku limenelo anafika wapansi, fumbi mpaka m'mawondo, mano onse ali pamtunda. Ine ndinapsa mtima sabata yathunthu, chifukwa wailesi ija ndi imene inkandichezetsa iwo akapita kuntchito.

"Mayi, iyi si ndalama wamba," anandiuza atakhala pansi. "Eni ake amati pulufu. Anaisula kawiri, pachidindo chopukutidwa bwino, wosulayo atavala magolovesi. Chiisulireni sinakhudzidwepo ndi chala, sinalowepo m'thumba la munthu, sinagulepo ngakhale machesi."

"Ndiye ndi ndalama yanji yosagula machesi?" ndinafunsa.

"Ubwino wake ndi womwewo."

M'chitinimo munali kabokosi kofiira, m'kabokosimo munali kapulasitiki kozungulira koonekera mkati, komata ponseponse, ndipo ndalamayo inagona m'menemo. Pambali pake ankaikapo galasi lokulitsira zinthu. Ndinene zoona, ngakhale ndinkadana nayo, inali yokongola. Pankhope pake panali chombo cha matanga, chotuwa pang'ono ngati achiwaza ufa, koma malo ozungulira chombocho anali see, onyezimira ngati madzi a m'chitsime chakuya. Ukasuzumira, diso lako lomwe linkakuyang'ana kuchokera pansi.

Ankaiona Lamulungu lokha, masana tikachoka ku tchalitchi. Ana ankawatumiza kukasewera, mawindo n'kutseka, makatani n'kukoka. Kenaka ankasamba m'manja ndi sopo, n'kumanga kansalu ka m'thumba pakamwa ndi pamphuno. Ankati mdani wamkulu wa ndalama yotere ndi mpweya wa munthu. Chinyezi chake chikagwerapo chimasiya banga, ndipo sungapukute, popeza nsalu iliyonse, ngakhale yofewa bwanji, imakanda. Ndikawakumbutsa kuti ili m'pulasitiki, ankati pulasitiki si khoma. Ndikafuna kuonako ndinkaima kumbuyo kwa phewa lawo, duku langa nditalikokera pakamwa, mpweya nditaugwira.

Kutseka mawindoko kunalinso ndi chifukwa china. Masiku amenewo achinyamata a chipani ankaima pakhomo la msika kufunsa makhadi, ndipo munthu ankatha kutengedwa pa nkhani yochepa kuposa golide wochokera kunja. Choncho sitinauzeko aliyense. Koma nyumba yotseka mawindo dzuwa lili paliwombo imadziulula yokha. Anthu pa Boma anayamba kunong'onezana kuti amuna anga ndi okhwima, kuti m'chitini amawetamo kanthu. Mayi wina anandifunsa pampopi, akutsuka ndowa osandiyang'ana, kuti chija timachidyetsa chiyani. Ndinamuyankha kuti mabisiketi.

Pang'ono ndi pang'ono nanenso ndinayamba kuiopa. Amuna anga akawerama pa ndalamayo ankasiya kupuma kwa nthawi yaitali, mpaka ine kumbuyoku mtima kumagunda kuti kodi adzakokanso mpweya. M'nyumba munkati zii, kunja ana akusewera koma phokoso lawo likumveka ngati lili kumudzi wina. Nkhope yawo m'golidemo inkaoneka ngati ya munthu amene wamira, akuyang'ana kumwamba.

Lamulungu lina ndinawafunsa kuti nyumba itapsa angayambe kutulutsa ndani, ine kapena mkazi wamng'onoyo. Anapitiriza kusuzumira m'galasi lawo. Kenaka anayankha kudzera m'kansalu kaja kuti, "Inu muli ndi miyendo." Mwina kunali kuseleula. Ine mawuwo ndinawasunga zaka zambiri, ndipo nthawi iliyonse akatsitsa chitinicho ankandiwawa ngati awanena dzulo.

Atapuma ntchito tinasamukira kwathu kwa Nthache, kumene tinamanga nyumba pafupi ndi munda wa malemu mayi anga n'kubzala manachesi. Pa ulendowo chitini chinakhala kutsogolo, pamiyendo pawo, ine ndili kumbuyo kwa lole pamodzi ndi mipando. Mbiri yathu inali itafika kale kumudziko ife tisanatsitse katundu.

Dzinja lina, mvula ikugwa usana ndi usiku, amuna anga anadwala malungo. Masiku awiri thupi linatentha ngati mbaula, lachitatu anakomoka, osayankhanso. Mtsinje unali utadzaza, msewu wonse uli matope, galimoto yosaoneka. Mlongo wawo wamkulu, alamu anga, anali atabwera kuchokera ku Thambani matenda atangoyamba, ndipo ndi iwo amene ankalamula m'chipindamo. M'mawa wa tsiku lachinayi, nthawi imene anthu amakhala atafika kumunda, alamuwo anaika khutu pachifuwa cha mlongo wawo, n'kunyamula dzanja lawo, n'kulisiya. Linagwa lokha pamphasa.

"Alamu, limbani mtima," anatero. "Achimwene atisiya."

Amayi akuluakulu a m'mudzi analowa n'kuyamba ntchito yawo. Anawatseka maso, anawawongola miyendo, anawamanga chibwano ndi kansalu kong'amba pachitenje. Munthu anali atanyamuka kale kukauza amfumu. Mayi wina wachikulire anakhala kumutu akumbwandula thonje, kulipota timibulu toti atseke nato mphuno ndi makutu, monga amachitira pokonza mtembo.

Ine misozi inakana kutuluka. Ndinalowetsa dzanja m'khwapa mwa amuna anga, ndipo munali mofunda. Ndinawauza amayiwo, iwo anati ndi bulangeti. Ndinayang'ana thonje lija, ndinayang'ana mphuno ija. Ndinadziwa kuti thonjelo likangolowa, kaya alipo kaya palibe, nkhani yatha.

Pomwepo ndinakumbukira zimene ndinaona ku chipatala cha pa Boma nditapita kukachira mwana wathu woyamba. Namwino wina anaika kalilole kakang'ono pamphuno pa mayi amene anagona bedi loyandikana ndi langa, kuti aone ngati pachita nthunzi. Kalilole wathu anali atapita ndi mwana wathu wamkazi ku sukulu yogonera komweko. Ndinakoka mpando, ndinakwera, ndinatsitsa chitini.

Onse aja anali atamvapo za chitinicho, ndipo palibe anali atachionapo chotsekula. Mayi mmodzi anatuluka chammbuyo, patapata wake kumusiya pakhomo.

"Alamu, zimenezo ayi!" anatero alamu anga. "Maliro ali pamphasa inu mukutulutsa zithumwa? Musatilowetse m'zinthu zanu ife."

Ndinatenga mpeni wosendera mbatata, ndinaulowetsa m'mphepete mwa pulasitiki ija n'kupotokola. Inasweka kuti thwa, ndipo ndalama inagwera m'dzanja langa. Inali yolemera kuposa maonekedwe ake, yozizira ngati yangovuulidwa m'madzi. Ine, amene ndinkaima kumbuyo kwa phewa, ndinakhala munthu woyamba kuikhudza.

Ndinagwada n'kuiika pansi pa mphuno yawo. Mayi wa thonje uja anaima nalo m'zala, osadziwa choti achite. Ndinayang'anitsitsa. Panali chombo, panali madzi aja onyezimira, panali diso langa, basi. Kunja mvula inkadontha kuchokera padenga, ndipo ndinkamva dontho lililonse. Mkono unayamba kuwawa. Kenaka kutsogolo kwa chombo kunatulukira kanthunzi, kakang'ono ngati njere ya chimanga, kanakula pang'ono, n'kuyambanso kuchepa.

"Onani!" ndinatero.

"Ndi mpweya wanu umenewo," anatero alamu anga. "Mwayandikira kwambiri."

Ndinamasula duku, ndinalimanga pakamwa ndi pamphuno monga anandiphunzitsira mwini wake, ndinagwira mpweya, ndinaikanso. Tinadikira tonse, mitu itagundana. Kanthunzi kaja kanabweranso pamalo omwe aja. Alamu anga anakuwa, n'kuyamba kumasula chibwano ndi manja awo, mfundo ikuwakanika. Thonje linagwera pansi ndipo palibe analitola.

Abambo amene anabwera kudzakhala pamaliro ndi omwewo anadula mitengo iwiri n'kupanga machira ndi bulangeti. Anawoloka nawo mtsinje madzi akulekeza m'chifuwa, mpaka kumsewu waukulu kumene lole ya makala inatitenga. Ku chipatala anati ndi malungo okwera kumutu. Amuna anga anatsekula maso patapita masiku, ndipo mawu awo oyamba anapempha madzi.

Kumudzi nkhani inamveka mwina. Anthu ankati munthu anali atapita ndithu, ine ndinamuitana ndi chinthu cha m'chitini. Amayi ena amene tinakulira limodzi sanadyenso m'nyumba mwanga, ndipo amuna anga akamadutsa, ana ankawakokera m'nyumba. Zimenezo zinandiwawa, koma sindinkaziopa. Ndinkaopa Lamulungu loyamba.

Linafika ndithu. Amuna anga anali atawonda, akuyendera ndodo, koma titadya anati nditseke mawindo. Anasamba m'manja, anamanga kansalu kawo, anatsekula chitini. Anaona pulasitiki yosweka. Anatenga galasi lokulitsira lija n'kuwerama. Kutsogolo kwa chombo kunali banga lotuwa pamene panagwera mpweya wawo, ndipo m'mphepete munali chidindo cha chala changa chachikulu, mizere yake yonse ikuoneka. Ndinawafotokozera zonse, za thonje, za mpeni, nditaima kumbuyo kwa phewa lawo monga mwa masiku onse. Anamvetsera osacheuka.

"Galasi ili linali m'chitini momwemu," anatero pamapeto pake. "Likanagwira nthunzi chimodzimodzi."

"Ndinaliona," ndinatero.

"Ndiye bwanji, mayi?"

Ndikanatha kunama kuti mutu unasokonezeka, ndipo akanakhulupirira. Koma ndinali nditatopa. "Ndinati ngati mwapita, nayenso mkazi wamng'onoyu aonongeke, asatsale ali mbee ine ndili wamasiye. Ngati mulipo, akugwirireniko ntchito kamodzi. Nyumba inapsa, bambo, ndipo ine wa miyendo ndinasankha woti nditulutse."

Anaika galasi lija pansi. Kenaka anamasula kansalu kaja, anakapinda bwinobwino, anakaika m'thumba. Anatola ndalamayo ndi zala zawo, nthawi yoyamba chiigulireni, anaitembenuza uku ndi uku ngati sakuidziwa. Anandikoka mkono kuti ndikhale pambali pawo, n'kuiika m'dzanja langa.

"Isungeni ndinu," anatero. "Muli mpweya wanga m'menemo."

Anakhalanso ndi moyo zaka zingapo, mpaka tinadya manachesi a mitengo ija n'kugulitsako ena ku Boma. Tsiku limene anamwaliradi, ku chipatala, ndalamayo inali pamfundo ya chitenje changa. Ndinaimasula, ndinaiika pamphuno pawo, ndinadikira. Golide anangoti waliwali, osachita kanthu. Ndinadikirabe mpaka namwino anabwera n'kutsitsa dzanja langa mwaulemu.

Lero makhadi a chipani anaiwalika, ndipo palibe angandifunse za golide wa tsidya lino kapena linalo. Komabe Lamulungu masana ndimatseka mawindo, ndimasamba m'manja, ndimatsitsa chitini. Mwana wanga wamkazi, yemwe uja anapita ndi kalilole, amati ndiigulitse, ngakhale wamva kuti yokhala ndi banga okonda makobidi saifuna kwenikweni. Ndinamuuza tsiku lina kuti m'miyezi yozizira, chifunga chikatsika m'mapiri, banga lija ndimaliona likukula pang'ono n'kuchepanso, kukula n'kuchepanso. Anaseka, anati maso anga akalamba, ndipo mwina ndi mpweya wanga womwe.

Sindinatsutsane naye. Koma ine ndikamaiona ndalama imeneyi duku langa limakhala lomanga pakamwa ndi pamphuno, ndipo mpweya ndimakhala nditaugwira.